Nsanja ya Leonardo: Kumene Chuma cha ku Joni Chinasamukira

M'mawa wa mwezi wa Juni, chisanu chikamaluma m'makwalala a Alexandra, dzuwa limayamba lawala pamwamba pa nyumba ina ya ku Sandton lisanafike pa malata a anthu a kuno. Amayi ndi abambo olawirira ku ntchito amaiona patsogolo pawo akamayenda kulowera ku msewu waukulu wa M1. Ndi yaitali, yowonda, ndipo yasiya zinzake zonse m'munsi ngati mlombwa pakati pa tchire. Dzina lake ndi The Leonardo. Ili pa nambala 75 mu msewu wa Maude, ndipo mu mzinda wa Johannesburg mulibe nyumba ina yokhalamo anthu yoiposa msinkhu.

Eni ake amati kutalika kwake ndi mamita 234. Kuti mumvetse bwino, tengani mabwalo awiri a mpira wamiyendo, muwaimike chilili, lina pamwamba pa linzake, nyumbayi iwapitirirabe. Ili ndi nsanjika 55. Ntchito yomanga inayamba mu Novembala 2015, ndipo mu 2019 inaposa Carlton Centre, nyumba ya pakati pa mzinda womwewu ya mamita 223, imene inakhala yaitali kuposa zonse mu Africa kwa zaka 46. Akatswiri ena oyeza nyumba amachotsako mamita angapo pa chiwerengero cha eni ake, koma ngakhale pa muyeso wawo Leonardo ndiye wamkulu.

Kusiyana kwa nyumba ziwirizi ndi mamita 11 okha. Koma mbiri imene ili pakati pa izo ndi ya mzinda wonse.

Mudzi woimirira

Leonardo si ofesi chabe, si hotela chabe. Ndi nyumba ya zonse pamodzi. Pansi pali malo oimikako galimoto oposa 1,000 ndi masitolo. Kukwera pang'ono mupeza maofesi, malo ochitira misonkhano, odyera, olimbitsira thupi, ndi dziwe losambira lomwe lili panja koma m'mwamba. Kupitirira apo ndi nyumba zogona zoposa 200, zina za eni ake, zina zobwereketsa kwa alendo ngati zipinda za hotela. Pamwamba penipeni pali nyumba imodzi yotenga nsanjika zitatu, imene poyamba anailengeza pa mtengo wa R180 miliyoni. Padenga pali malo omwera otchedwa Alto234, dzina lotengera msinkhu wa nyumbayo. Munthu wokhala muno atha kudzuka, kusambira, kugwira ntchito, kudya, kukumana ndi anzake n'kukagona, phazi lake lisanaponde msewu.

Anaimanga ndi a kampani ya Legacy Group mogwirizana ndi banki ya Nedbank. Mapulani anajambula ndi a Co-Arc International Architects a mu Johannesburg momwemo, ndipo pa gulu lotsogolera ntchitoyo panali amayi angapo, chinthu chosowa pa zomangamanga zazikulu chotere. Makontilakitala anali a Aveng Grinaker-LTA. Ndalama zimene zinalowa ndi mabiliyoni a randi. A Legacy ndi omwenso akhala akuyendetsa mahotela a Michelangelo ndi DaVinci mu Sandton, choncho dzina la Leonardo silinabwere mwangozi. Amakonda maina a amisiri akale a ku Italy.

Ndiyenera kunena poyera kuti luso lake ndi logometsa. Nyumba yotere siimira pa njerwa. Pakati pake pali msana wa konkire wolimbitsidwa ndi zitsulo, wochokera pa maziko mpaka padenga, ndipo m'kati mwa msanawo ndimo mumadutsa zikepe, masitepe othawira moto, mapaipi ndi mawaya. Mdani wamkulu wa nyumba yaitali si kulemera kwake kokha koma mphepo, imene imakankha kwambiri mukamakwera. Msana uja ndiwo umagwira kuti wokhala pa nsanjika ya 50 asamve ngati ali m'bwato. Madzi nawo sakwera okha. Amawapopa pang'onopang'ono, kuchoka pa thanki ina kufika pa ina, chifukwa mutawakankha kamodzi kuchokera pansi mphamvu yake ingaphulitse mapaipi a m'munsi. Konkire yemwe anamangira pamwambapo anachita kumupopa momwemonso, tsiku ndi tsiku, amisiri ali m'malere pa mphepo yozizira ya dera lomwe lili kale mamita oposa 1,500 kuchokera pa nyanja yamchere.

Zonsezi zimadya magetsi usana ndi usiku. M'zaka zimene kampani ya Eskom inkazimitsa magetsi mosinthanasinthana, makamaka mu 2022 ndi 2023, nyumba zonga iyi zinkadalira majenereta. Popanda magetsi chikepe sichiyenda, pampu siipopa, ndipo nyumba ya mamiliyoni imasanduka phiri loti munthu akwere ndi miyendo. Eni zipinda amasonkha ndalama mwezi ndi mwezi zolipirira alonda, okonza ndi osesa. Kumanga nsanja n'kovuta, koma kuisamala zaka makumi asanu n'kovuta koposa. Umboni wake uli makilomita osakwana 20 kum'mwera.

Mkulu wake wa pa Commissioner Street

Carlton Centre inabadwa nthawi imene golide ankalamula. Johannesburg ndi mzinda umene unamera pa migodi kuyambira 1886, ndipo pofika zaka za m'ma 1960 kampani ya Anglo American, pansi pa Harry Oppenheimer, inali ndi chuma chosaneneka. Pamodzi ndi South African Breweries inaganiza zomanga chinthu chimene Africa anali asanachionepo. Anaitana akatswiri a ku America a Skidmore, Owings & Merrill, anagula mapoloti angapo oyandikana, anatseka mbali za misewu, ndipo mu 1967 anayamba kukumba dzenje lalikulu pakati pa tauni. Hotela ya Carlton inatsegulidwa mu 1972, nsanja ya maofesi ya nsanjika 50 inatha mu 1973. Pansi pake panali masitolo ambirimbiri. Panalinso ngakhale bwalo losewerera pa madzi oundana. Zonse zinadya pafupifupi R88 miliyoni za nthawi imeneyo. Pa nsanjika ya 50 anaikapo malo oonera mzinda, amene anadzatchuka ndi dzina lakuti Top of Africa.

Apa ndi pomwe nkhaniyi imatikhudza ife. M'chaka chomwecho cha 1973, Amalawi oposa 100,000 anali pansi pa nthaka m'migodi ya ku South Africa, atapita kudzera ku Wenela. Agogo athu amene ankabwera ndi njinga, wailesi, majekete ndi masutikesi achitsulo, ena n'kubweranso ndi chifuwa chosatha, ndiwo ankaswa mwala umene phindu lake linkaimika nyumba zotere. Ena sanabwerere konse, anasanduka matchona. Mu Epulo 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana n'kupha Amalawi oposa 70 amene ankabwerera kwawo, ndipo Kamuzu Banda anaimitsa kaye ulendo wa ku migodi. Carlton inali itangotha kumene. Munthu wakuda pa nthawiyo ankayenda mu tauni ndi pasi m'thumba, ndipo malamulo a tsankho sankamulola kukhala m'dera limenelo. Ankaloledwa kusesa, kulondera ndi kunyamula katundu, madzulo n'kubwerera ku lokeshoni kapena ku hositelo.

Komabe nyumba imeneyi inadzaona masiku ena. Mu hotela ya Carlton ndimo munasainidwa pangano la mtendere pa 14 Sepitembala 1991, pamene F.W. de Klerk, Nelson Mandela ndi Mangosuthu Buthelezi anakhala m'chipinda chimodzi dziko likukhetsa mwazi. Ndi momwemonso mmene Mandela, pa 2 Meyi 1994, analankhula kwa omutsatira zitadziwika kuti chipani cha ANC chapambana chisankho choyamba cha anthu onse. Pofika 1998 hotelayo inali itatsekedwa, zipinda zake mazanamazana zili gwa, mopanda munthu. Mu 1999 Anglo American inagulitsa Carlton Centre yonse kwa Transnet, kampani ya boma yoyendetsa njanji ndi madoko, pa mtengo wa R33 miliyoni. Chinthu chomangidwa ndi R88 miliyoni chinapita pa mtengo wosafika theka, patadutsa zaka 26, randi itachepanso mphamvu kwambiri.

Konkire wake sanawole ayi. Chimene chinachoka ndi ndalama.

Ulendo wa kumpoto

Sandton ndi dera lachichepere. Dzinali analipanga polumikiza Sandown ndi Bryanston mu 1969, pamene kunali minda, makola a akavalo ndi nyumba zotalikana za azungu olemera. Sitolo yaikulu ya Sandton City inatsegulidwa mu 1973, chaka chomwecho chimene Carlton inatha. Pamene ena ankakondwerera nsanja pakati pa tauni, mbewu ya mpikisano wake inali itadzalidwa kale kumpoto.

Zifukwa zosamukira zinali zingapo ndipo zinalukana. Misewu ikuluikulu yatsopano inapangitsa kuti bwana wokhala kumpoto aone kuti n'kwapafupi kugwira ntchito kufupi ndi kwawo. Pakati pa tauni malo oimika galimoto anali ochepa. Kenako malamulo a pasi anathetsedwa mu 1986, lamulo logawa madera motengera khungu linachotsedwa mu 1991, ndipo anthu akuda amene anawatsekera kunja zaka zonsezo anayamba kulowa mu tauni kudzakhala ndi kudzagulitsa malonda. Umbanda unakuladi m'zaka zimenezo, sitingabise. Koma sitingabisenso kuti makampani ambiri ananyamuka pa nthawi yeniyeni imene mzinda unayamba kukhala wa aliyense. Mmodzi akachoka, mnzake ankaona kuti watsala yekha, nayenso n'kulongedza. Mu 2000 msika wa masheya wa Johannesburg unachoka pa Diagonal Street n'kukakhazikika ku Sandton, ndipo nkhani inathera pomwepo. Mabanki, maloya ndi makampani a inshuwalansi anatsatira. Mu Juni 2010, mpikisano wa mpira wa dziko lonse uli pafupi kuyamba, sitima yothamanga ya Gautrain inalumikiza Sandton ndi bwalo la ndege la OR Tambo pa ulendo wa mphindi pafupifupi 15. Lero mlendo wa bizinesi atha kutera, kuchita msonkhano, kugona ndi kubwerera kwawo asanaone pakati pa Johannesburg.

Leonardo waima mamita ochepa chabe kuchokera pa msika wa masheya uja. Sanakokere chuma ku Sandton. Anachipeza chitakhazikika, iye n'kudzakhala chisoti chake. Anthu amati dera limeneli ndilo kachigawo kolemera kwambiri mu Africa yense.

Tsidya la msewu

Mukaima padenga la Leonardo n'kuyang'ana kum'mawa, maso amadumpha msewu wa M1 n'kugwera pa Alexandra. Lokeshoni imeneyi inakhazikitsidwa mu 1912, zaka zoposa 50 Sandton asanabadwe. Ndi amodzi mwa malo ochepa amene munthu wakuda ankatha kugula poloti kufupi ndi mzinda. Mandela ali mnyamata anachitako lendi kachipinda kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1940. Mu 1957 anthu a kuno anakana kukwera mabasi chifukwa chokweza mtengo ndi kobiri limodzi, ndipo anayenda pansi makilomita ambiri tsiku lililonse kwa miyezi itatu mpaka mtengo wakale unabwerera. Lero anthu mazana a zikwi apanikizana pa malo ochepa, ambiri m'zisakasa za malata, ena m'mphepete mwenimweni mwa mtsinje wa Jukskei umene umasefukira nthawi ya dzinja. Kunonso ndi kumene kunayambira ziwawa zothamangitsa anthu obwera mu Meyi 2008, zomwe zinapha anthu oposa 60 m'dziko lonselo ndi kubweza abale athu ambiri kumudzi chimanjamanja.

Anthu zikwizikwi amayenda pansi kuchoka ku Alexandra kupita ku Sandton tsiku ndi tsiku. Ndiwo osesa m'maofesi, ophika, alonda, osamalira maluwa, olera ana. Khonsolo ya mzinda inaganiza zowamangira mlatho wa oyenda pansi ndi apanjinga pa Grayston Drive. Pa 14 Okutobala 2015 zitsulo zochirikiza ntchito yomanga mlathowo zinagwera pa msewu wa M1, n'kupha anthu awiri ndi kuvulaza ena ambiri. Patangotha mwezi umodzi, ntchito ya Leonardo inayamba. Mlatho uja unachedwa zaka, koma unadzatha, ndipo anthu akuwoloka. Ndimautchula chifukwa pa zomangidwa zonse za m'derali, ndi chimodzi mwa zochepa zimene anazimanga poganizira munthu wopanda galimoto.

Pali amene amati nsanja yonga Leonardo ndi yankho labwino pa vuto la mizinda yotambalala mopanda malire. Mfundo yawo ili ndi mutu. Johannesburg ndi mzinda womwazika, wodalira galimoto, ndipo anthu amataya maola ambiri pamsewu. Kuika nyumba zogona, maofesi ndi masitolo pa poloti imodzi kumapulumutsa malo ndi mafuta, ndipo kumapangitsa kuti dera la maofesi lisafe ikakwana 5 koloko madzulo. Mliri wa Covid-19 utafika mu Malichi 2020, Leonardo atangomalizidwa kumene, maofesi ambiri a ku Sandton anatsala opanda anthu, ndipo zinaoneka kuti nyumba yosakaniza ntchito zingapo imapirira kuposa ya maofesi okhaokha. Izi n'zoona. Funso langa ndi lakuti ndani amene wafupikitsidwa ndi ntchito yake. Ndi mkulu wa banki, amene anali kale ndi galimoto. Mayi amene amamuyalira bedi akudzukabe 4 koloko m'bandakucha, ndipo gawo lalikulu la malipiro ake likuthera m'matakisi.

Zimene zinatsala m'mbuyo

Pakati pa Johannesburg sipanafe. Amene anafikako akudziwa. Masitolo a pansi pa Carlton Centre amadzaza ndi ogula, m'makwalala muli malonda a mtundu uliwonse, ndipo pa Park Station mabasi ochokera ku Blantyre, Lilongwe, Mzuzu, Lusaka ndi Harare amatsitsa anthu ndi kunyamula katundu wopita kwathu. Chichewa, Chiyao ndi Chitumbuka zimamveka m'misewu imeneyi. Anthu alipo ochuluka kuposa kale. Chimene chikusowa ndi chisamaliro.

Eni nyumba ambiri atathawa, nyumba zawo zinalandidwa ndi magulu a zigawenga amene amagawa zipinda ndi mabolodi ndi makatoni n'kumatolera lendi kwa anthu osauka, popanda madzi, popanda zimbudzi zogwira ntchito, magetsi ali olumikiza mwakuba. Mu Julaye 2023 msewu wa Lilian Ngoyi, umene ambiri amaudziwa kuti Bree, unaphulika chifukwa cha mpweya wa pansi pa nthaka n'kugubuduza matakisi. Patangopita milungu isanu ndi umodzi, usiku wa pa 31 Ogasiti 2023, moto unabuka m'nyumba ya Usindiso pa nambala 80 Albert Street ku Marshalltown, mtunda woyenda pansi kuchokera pa Carlton. Anthu 76 anafa, ana ali pomwepo. Ena analumpha pa mawindo chifukwa njira zothawira zinali zotsekeka. Pakati pa akufawo panali Amalawi ambiri, ndipo maliro analira m'midzi ya kwathu kuno.

Nyumba imeneyo inali ya nsanjika zisanu zokha. Mwini wake anali khonsolo ya mzinda wa Johannesburg. M'nthawi ya tsankho ndimo munali ofesi yaikulu yoperekera mapasi kwa anthu akuda. Pambuyo pake inakhala malo osungirako amayi ndi ana ozunzidwa, isanagwe m'manja mwa olanda. Komiti yofufuza imene inatsogoleredwa ndi Sisi Khampepe, yemwe kale anali woweruza wa khoti lalikulu loona za malamulo a dziko, inapeza mu 2024 kuti khonsolo inkadziwa za kuopsa kwa nyumbayo ndipo sinachitepo kanthu mokwanira.

Ndikaika nyumba ziwirizi pamodzi mtima umandiwawa. Mu mzinda umodzi, pansi pa khonsolo imodzi, muli luso lokweza madzi mamita 234 kuti munthu asambe akuyang'ana mitambo, ndi luso lopanga masitepe otetezeka ku utsi pa nsanjika 55. Mu mzinda womwewo anthu 76 analephera kutsika nsanjika zisanu. Nzeru zilipo, amisiri alipo, ndalama zilipo. Zinangosankha kokhala.

Ulemu wa kanthawi

Leonardo sanakhalitse pa mpando wa Africa. Ku Morocco anamanga nsanja ya Mohammed VI ya mamita 250 pafupi ndi Rabat, ndipo ku likulu latsopano la Egypt kwaima Iconic Tower ya mamita oposa 380. Ngakhale mu Johannesburg momwemo, nsanja ya matelefoni ya ku Hillbrow ya mamita 269, yomwe inatha mu 1971, ndi yaitalibe kuposa Leonardo, kungoti simukhala anthu. Mpikisano wa msinkhu ulibe wopambana mpaka kale.

Akuluakulu anati chaona mnzako chapita, mawa chiona iwe. Sandton nayenso wayamba kumva zimene zinagwera tauni yakale. Misewu yake imadzaza galimoto mpaka kuima, mipope imauma nthawi zina ngakhale m'madera olemera, ndipo makampani ena akumanga malikulu awo ku Rosebank ndi ku Waterfall cha ku Midrand. Transnet yomwe inachotsa antchito ake ambiri mu Carlton Centre mu 2018, ndipo pambuyo pake inalengeza kuti ikufuna kuigulitsa. Palibe amene mu 1973 akanakhulupirira zimenezi. Chuma chimene chinachoka pa Commissioner Street kupita pa Maude Street chili ndi miyendo, ndipo sichinalumbire kuti chafika.

Sindikuti Leonardo asakanamangidwa. Ndi nyumba yokongola, yojambulidwa ndi kumangidwa ndi anthu a mu Africa, ndipo inalemba ntchito anthu ambiri pa zaka zinayi zomanga, ikulembabe ena lero. Ndikuti mzinda umene ungathe kuimika chinthu chotere ulibe chifukwa chonenera kuti walephera kukonza nyumba zake za pakati pa tauni. Hotela ya Carlton ili ndi zipinda zoposa 600 zimene zakhala zotseka kwa zaka zoposa 25, pamene anthu ogwira ntchito akugona m'makatoni misewu ingapo kuchokera pakhomo pake. Maofesi opanda anthu atha kusandutsidwa nyumba za lendi yotsika, ndipo makampani ena achita kale zimenezi m'nyumba zina za m'tauni momwemo n'kuonetsa kuti n'zotheka. Chofunika ndi khonsolo yolondola nyumba zake, yoyendera ndi kutseka zoopsa, yopezera anthu kolowera isanawatulutse.

Kwa inu amene muli ndi mwana, mlongo kapena mwamuna ku Joni: akakutumizirani chithunzi ataima patsogolo pa nsanja yonyezimira ya ku Sandton, kondwerani naye, pakuti ndi yokongoladi. Koma mukamuimbira foni, mufunseni kumene amagona, amene amatolera lendi, ndiponso ngati khomo lothawira moto la nyumbayo limatseguka.